Musatipatsenso makina a shuga opanda masitiripi

Malume anga ali ndi makina anayi oyezera shuga. Onse ali m'kabati imodzi, m'timatumba takuda ta zipi, koma amene akugwira ntchito lero ndi amodzi okha. Atatu enawo sanafe ayi. Mukaikamo batire amayaka bwinobwino, tsiku ndi nthawi zili m'malo mwake. Chimene akusowa ndi chakudya chawo: masitiripi, timapepala tolimba tija timene munthu amakhudzitsapo dontho la magazi a pachala. Oyamba anagula okha atangowapeza ndi matendawa. Achiwiri analandira pa mwambo wa tsiku lokumbukira matenda a shuga, pa 14 Novembala, pamodzi ndi malaya ndi botolo la madzi. Achitatu anatumiza msuweni wanga wa ku Johannesburg. Achinayi ndinagula ine, nditatha tsiku lathunthu ndikuzungulira mafamase a mu Limbe ndi mu Blantyre kufunafuna masitiripi a atatu enawo, osawapeza.

Achitatuwo ndi amene anatsala pang'ono kutiyalitsa mphasa za maliro. Zaka zonsezi malume ankadziwa manambala awo ngati mmene mlimi amadziwira malire a munda wake: kukacha 130 kapena 140, akadya mosadziletsa ku ukwati 200 n'kupitirira. Anamwino anawauza kuti nambala ikatsika pansi pa 70 asazengereze, asungunule shuga m'madzi amwe. Langizolo n'lolondola. Tsono m'mawa wina akutsegula mphatso ya mwana wawo, akubaya chala, pagalasi pakutuluka 16.2. Munthu wamkulu anachita zimene anaphunzitsidwa. Anamwa kapu ya madzi a shuga, anadikira pang'ono, anabayanso: 19 ndi kadontho. Akadali pansi pa 70. Anatuma mdzukulu kukagula Fanta ku okala. Mwayi wake, mwanayo asanabwere anandiimbira foni.

"Mphwanga, makina a ku Joniwa akuti shuga wanditheratu m'thupi. Koma ine ndikungomva ludzu, ndipo usiku wonse ndinali ulendo wa kuseri."

"Malume, pagalasipo pali kadontho pakati pa manambala?"

"Kalipo."

"Fanta ikabwera mumupatse mwanayo. Inu valani nsapato, ndikubwera tipite kuchipatala."

Pa dziko lapansi pali miyezo iwiri yowerengera shuga wa m'magazi. Ku America ndi ku India amawerenga mu mg/dL. Ku South Africa ndi ku Britain amawerenga mu mmol/L. Nambala ya mmol/L mukaichulukitsa ndi 18 ndiye mwapeza ya mg/dL. Choncho 70 wa anamwino uja, pa makina a ku Johannesburg ndi 3.9, ndipo 16.2 amene malume ankamuthira shuga anali 290 n'kadzaoneni. Ankazima moto ndi palafini. Kuno kwathu miyezo iwiriyi ikuyenda pamodzi ngati nkhuku ndi nkhanga, chifukwa makina athu amachokera kulikonse kumene kuli m'bale kapena wachifundo, ndipo ambiri amabwera muyezo atautsekeratu ku fakitale, sungausinthe. Mukaitembenuza nkhaniyi imaopsa koposa. Mayi wobaya insulini amene anazolowera kuona 5, 6 kapena 7, mumupatse makina oonetsa 95. Aganiza kuti shuga wakwera mopenga, aonjeza jakisoni. Chikhalirecho 95 ndi 5.3, shuga wabwinobwino. Mayi ameneyo akhoza kugona osadzukanso, anthu n'kumaloza zala nkhalamba ya m'mudzi.

Wina anena kuti umenewu ndi umbuli wa okalamba. Malume anaphunzitsa masamu ku pulayimale mpaka kupuma. Kuchulukitsa ndi 18 sikungawagwetse thukuta. Palibe amene anawauza kuti pali choti achulukitse. Ndipo ngakhale akanauzidwa, funso langa likanakhalabe lomweli: n'chifukwa chiyani munthu mmodzi, wa matenda amodzi, asinthe makina katatu pomwe oyamba aja sanawonongeke?

Yankho lili m'malonda ake, ndipo ogulitsa salibisa n'komwe, ife tokha ndiye sitiliganizira. Kamakina kaja ndi kalaliki chabe. Ntchito yeniyeni imachitikira pa sitiripi. Kunsonga kwake kuli mankhwala, enzyme yotchedwa glucose oxidase kapena glucose dehydrogenase, imene ikakumana ndi shuga wa m'dontho la magazi pa makina ambiri imatulutsa kamphamvu ka magetsi kochepetsetsa. Makina amangomva kamphamvuko n'kukasandutsa nambala, motsatira masamu amene anawaikamo ogwirizana ndi sitiripi ya mtundu umodzi basi. N'chifukwa chake sitiripi ya OneTouch siigwira pa makina a Accu-Chek, ya Contour siigwira pa On Call Plus, ndipo ngakhale a mimba imodzi, Accu-Chek Active ndi Accu-Chek Instant, sabwerekana. Makina mumagula kamodzi. Masitiripi mumagula mpaka tsiku limene adzukulu adzakukumbirani kumasano. Wamalonda aliyense wa mumsika wa Limbe akhoza kukuuzani pamene pagona phindu. Ndiye musadabwe makina akamatchipa, nthawi zina n'kuperekedwa ulere. Nayo nsomba silipira nyambo ya pambedza.

Tiwerengere limodzi. Mwana wa shuga wa mtundu woyamba, uja thupi lake silipanganso insulini, amayenera kudziyeza kanayi pa tsiku kapena kuposerapo. Kanayi pa tsiku ndi masitiripi 1,460 pa chaka. Kabotolo kamodzi kawirikawiri kamakhala ndi 50, ndiye kuti timabotolo pafupifupi 30, osawerengera tisingano tobayira chala ndi sitiripi imene yaonongeka chifukwa magazi anachepa. Bokosi la makina atsopano likabwera ndi masitiripi, nthawi zambiri amakhala 10. Kwa mwana ameneyu, mphatso yonseyo ndi ya masiku awiri ndi theka.

Pamenepa ndi pamene ndili ndi mlandu ndi achifundo athu. Mwambowo tonse timaudziwa: chinsalu chachikulu kumbuyo, wojambula kutsogolo, bwana wa suti akupereka kabokosi kwa agogo, onse awiri maso ali ku kamera. Mawa lake chithunzi chili m'nyuzipepala, ati kampani yakutiyakuti yapereka makina oyezera shuga okwana mwakuti. Palibe mtolankhani amene amadzutsa dzanja kufunsa kuti masitiripi a mwezi wamawa achokera kuti, ndipo ife a m'nyuzipepala tivomereze kuti pamenepa timadya nawo. Makina amajambulika bwino. Kabotolo ka masitiripi kofika mwakachetechete mwezi uliwonse kwa zaka zisanu sikapatsa munthu dzina. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Koma mkuyu umenewu ulibe ndi nyerere zomwe, uli gwaa. Ndipo kuipa kwake, agogo aja amabwerera kumudzi ali ndi chikhulupiriro kuti tsopano matenda awo ali m'manja mwawo. Pakatha sabata ziwiri amayamba kudziimba mlandu kuti ndi iwo amene akulephera.

Abale athu a ku Johannesburg, ku Leicester ndi ku Texas sindiwakalipira chimodzimodzi, chifukwa iwo amatumiza ndi mtima wa mwana. Koma nawonso amve. Musanalowe m'sitolo, imbani foni kumudzi mufunse zinthu ziwiri: kuchipatala kumene amapita amayi amalemba manambala a kadontho kapena opanda kadontho? Nanga pa famase ya pafupi pali masitiripi a mtundu wanji? Ngati amayi ali nawo kale makina oyaka, atumizireni ndalama ya masitiripi. N'zosaoneka bwino m'chikwama cha Khirisimasi, ndikudziwa, koma ndi zimene zimagwira ntchito mu Febuluwale.

M'magazini a kunja nkhani yosintha makina a shuga amailemba ngati yosintha foni: awa ali ndi galasi lowala usiku, awa amalumikizana ndi foni, awa amafuna magazi ochepa. Alipo ena amene anasiyiratu kubaya chala, amamata kachipangizo pamkono monga FreeStyle Libre, kamene kamakhala masiku 14. Zabwino zonse kwa iwo. Kuno munthu sasankha kusintha, amachita kusinthitsidwa. Masitiripi athu amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo amene anayesapo kupempha madola ku banki akudziwa mzere wake. Woitanitsa katundu akasowa ndalama za mtundu umene ankabweretsa, amatenga umene wapeza motsika mtengo ulendo umenewo. Mwezi uno shelefu yadzaza mtundu wina, pakatha miyezi isanu ndi umodzi mtunduwo wazimirira ngati mame. Wodwala akafika ndi kabotolo kake kopanda kanthu, amamuuza mwaulemu kuti amenewo anasiya kubwera, koma pali makina ena abwino kwambiri, ndipo lero atsitsa mtengo.

Kusintha kulikonse kuli ndi mtengo wina umene sulembedwa pa lisiti. Makina a kunyumba si labotale. Muyezo wa padziko lonse umene opanga abwino amatsatira, ISO 15197 wa 2013, umalola kuti shuga akakhala 100 mg/dL kapena kuposa, makina aphonye ndi 15 peresenti m'mwamba kapena m'munsi, ndipo akakhala pansi pa 100 aphonye ndi 15 mg/dL. Ndipotu zimenezi zimafunika pa zoyeza 95 mwa 100 zilizonse. Zisanu zotsalazo zikhoza kutayika kuposa apo. Tanthauzo lake n'lakuti shuga weniweni akakhala 200, makina ena akhoza kunena 170, ena 230, onse awiri ali m'chilungamo. Munthu amene wakhala zaka zitatu ndi makina okonda kutsitsa, akapatsidwa okonda kukweza, aona ngati matenda akula usiku umodzi. Ena amaonjeza okha mapiritsi a glibenclamide. Ena amasiya nsima yamadzulo. Malume, pa masiku ochepa amene anali ndi masitiripi a makina awiri nthawi imodzi, ankayeza pa onse n'kulemba m'kabuku nambala imene yawasangalatsa, ngati munthu woombeza kwa asing'anga awiri. Ndinawaseka, koma ndikanakhala ine ndikanachita zomwezo.

Onjezani pamenepo nyengo yathu. Masitiripi ambiri amalembedwa kuti asungidwe pa kutentha kosapitirira madigiri 30 kapena pafupi ndi apo. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala dzuwa limadutsa 40, ndipo m'nyumba ya malata simunena. Dzinja likafika, kabotolo kosatsekedwa bwino kamamwa chinyontho, mankhwala a kunsonga aja n'kufooka osaonetsa chizindikiro. Ndinaonapo ndi maso anga, pa kasitolo kena, masitiripi akugulitsidwa imodziimodzi ngati ndudu, wogula n'kuikulunga m'pepala la m'kope n'kuika m'thumba la malaya. Wogulitsayo ankaona kuti akuthandiza osauka, ndipo mwina ankathandizadi, koma nambala imene inatuluka pa sitiripi imeneyo ndi ya ula. Palinso kuchepa kwa magazi, kumene malungo ndi pakati zimabweretsa kwa ambiri kuno: makina ena, magazi akachepa, amanena shuga wokwera kuposa mmene alilidi. Ngakhale mango ndi nzimbe zili ndi mlandu wake. Chala chimene chagwira bango lakupsa, osasamba ndi sopo n'kuumitsa, chimapereka nambala ya bangolo. Zonsezi ndi zinthu zimene munthu amaphunzira pang'onopang'ono pa makina amodzi amene wakhala nawo, mothandizidwa ndi namwino amene akuwadziwanso makinawo. Namwino wa pa kiliniki ya shuga amene m'mawa umodzi akulandira mitundu isanu ndi iwiri ya makina, uku mzere wafika panja, angaphunzitse chiyani?

Chimene chimandipweteka n'chakuti dziko lino linathetsapo kale vuto lofanana ndi ili, ndipo linalithetsa bwino. Kale mijigo ya m'midzi inali ngati kabati ya malume: bungwe lililonse lobwera kudzakumba linkabwera ndi pampu ya kwawo, ikathyoka chitsulo chake chili kutsidya kwa nyanja. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ku chigwa cha Livulezi m'boma la Ntcheu, kunayesedwa pampu yotchedwa Maldev, imene inadzabala Afridev, ndipo boma linasankha Afridev kukhala pampu ya mijigo ya m'dziko muno. Wofuna kutithandiza ndi madzi amauzidwa pampu yoti aike. Zotsatira zake mukuziona: timalabala ndi ndodo za mjigo zimapezeka m'masitolo a pa misika ya kumidzi, ndipo mmisiri wophunzira ku Mzimba akhoza kukonza mjigo wa ku Mulanje. Sindikunena kuti mijigo yonse ikutulutsa madzi, ndayendamo m'midzimu. Koma mjigo ukafa lero, anthu amadziwa chitsulo chimene akufuna ndi kumene angachipeze. Ngati tinatha kuuza okumba zitsime kuti kuno pampu yake ndi iyi, chikutikanika n'chiyani kuuza obweretsa makina a shuga?

Unduna wa Zaumoyo usankhe mitundu iwiri kapena itatu yoyesedwa bwino, yopirira kutentha, ndipo ulengeze muyezo umodzi wa dziko lonse, kaya wa kadontho kaya wopanda kadontho, bola ukhale umodzi kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Nkhokwe ya boma ya Central Medical Stores Trust ikamaitanitsa, mpikisano ukhale pa mtengo wa sitiripi kwa zaka zingapo, makinawo abwere ngati basera, poti ndi basera kale. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lamulo la 2019 linaika m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndilo limapereka ziphaso kwa mafamase. Liike lamulo lakuti wogulitsa makina asonyeze kumene masitiripi ake azichokera, ndipo pa bokosi lililonse pamatidwe pepala la m'Chichewa ndi m'Chitumbuka lonena muyezo wake ndi nambala imene munthu ayenera kumwa shuga. Wachifundo wobwera ndi makina a mtundu wina opanda masitiripi a chaka chathunthu athokozedwe bwino, apatsidwe tiyi, abwerere nawo.

Ndikuwamva kale otsutsa, ndipo ena mwa iwo ali ndi mfundo. Akuti mukapereka msika kwa kampani imodzi mwaitana katangale, ndipo tsiku limene nkhokwe ya boma idzaume, dziko lonse lidzauma nthawi imodzi. Zoona, ndipo amene anabwererapo kuchipatala ndi mawu akuti "mankhwala kulibe, kaguleni" sangatsutse. N'chifukwa chake ndikunena iwiri kapena itatu, ndipo mitundu yomweyo izipezekanso m'mafamase ndi m'zipatala za mishoni za CHAM, mitengo ya mgwirizano ikhale poyera. Koma musandiuze kuti chipwirikiti cha lero ndi ufulu wa msika. Msika umene wogula amamangidwa unyolo tsiku logula, n'kutayidwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ufulu wake ndi wa wogulitsa yekha.

Ena akuti dziko losauka silingagulire masitiripi aliyense wa shuga. Kafukufuku wa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009, anapeza matendawa mwa 5.6 peresenti ya anthu a zaka 25 mpaka 64, ndiye ndi khamu ndithu. Apa ndivomereza zambiri kuposa zimene otsutsawo akuyembekezera. Munthu wa shuga wa mtundu wachiwiri amene akumwa metformin yekha ndipo zikuyenda bwino safunika kubaya chala tsiku ndi tsiku. Kumugulitsa makina n'kumuopseza kuti aziyeza m'mawa ndi madzulo ndi malonda chabe. Amene moyo wawo wapachikika pa sitiripi ndi obaya insulini, ana a mtundu woyamba, ndi amayi apakati a shuga. Amenewa ndi ochepa, ndipo ndi amene tingawakwanitse titasiya kumwaza makina ngati maswiti pa msonkhano wa ndale. Mu Meyi 2022 maiko a m'bungwe la WHO, Malawi ali momwemo, anagwirizana kuti pofika 2030 munthu aliyense wa shuga wa mtundu woyamba azipeza insulini ndi zodziyezera pa mtengo wofikirika. Aliyense, 100 peresenti. Mu Ogasiti chaka chomwecho, ku Lomé m'dziko la Togo, nduna za zaumoyo za mu Africa zinavomereza ndondomeko ya PEN-Plus yofikitsa chithandizo cha matenda ngati amenewa ku zipatala za m'maboma. Ndondomekoyo si yachilendo kwa ife: ku Neno ndi ku Lisungwi, boma ndi a Abwenzi Pa Za Umoyo anayamba kale, ndipo odwala a kumapiri kuja, ena osapita patali ndi sukulu, anaonetsa kuti akhoza kudziyeza kunyumba ngati makina ndi masitiripi zikuchokera pa kiliniki imodzi yomwe imawaphunzitsanso. Ngati zikutheka kumene msewu wake umathyola galimoto, ku Ndirande zikanike bwanji?

Sindikuti munthu asasinthe makina mpaka kalekale. Makina amakalamba, galasi limasweka, ndipo akale aja ofuna kulowetsa nambala ya kodi pa kabotolo kalikonse katsopano analakwitsa anthu ambiri. Kuwasiya n'kupita patsogolo. Koma kusinthako kuchitikire pamaso pa wachipatala. Tengani akale ndi atsopano pa tsiku la kiliniki, ayezedwe nthawi imodzi ndi magazi opita ku labotale ngati ilipo. Tsiku losinthira, dzina la makina ndi muyezo wake zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala, kuti dokotala wa mwezi wamawa asaone 140 pamwamba ndi 7.8 pansi n'kuganiza kuti kwachitika chozizwitsa. Mukatero akalewo muwaike kutali, ndipo mlingo wa mankhwala musaukhudze chifukwa cha nambala ya sabata yoyamba. Thupi likamanena zina, makina akunena zina, monga ludzu la malume lija, khulupirirani kaye thupi ndipo thamangirani kuchipatala.

Tsiku lija a kuchipatala anawasunga malume mpaka madzulo, shuga anatsika, tinabwerera kunyumba. Pa makina achinayi ndinamatapo kapepala kolemba ndi cholembera chofiira: "Pansi pa 70, imwani shuga." Msuweni wanga anaimba foni kupepesa, malume n'kumuuza kuti asadandaule, kathumba ka makina ake n'kabwino kusungiramo ziphaso. Sabata yatha ndinapitanso pa famase kukagula kabotolo kena. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana chitsanzo chimene ndinatenga, anayang'ana pa shelefu, n'kundiuza kuti atsala awiri ndipo sakudziwa ngati abweranso. Ndinagula onse awiri. Malume amayeza kawiri pa tsiku, ndiye afika nawo masiku 50.